Kuchoka pa Chitakale kukafika kunyanja: ulendo wa madzi m'mimba mwa boti

Pa Chitakale madzi sachita kupemphedwa kuti ayende. Amatsika okha kuchokera m'phiri la Mulanje, n'kumaphokosera m'miyala ya mtsinje wa Likhubula, ena n'kulowa m'mipope ya m'midzi popanda injini yowakankha. Phiri ili, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limagwira lokha ntchito ya pampu.

Kwa inu amene simunafikeko, Chitakale ndi pamphambano pomwe msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza umasiyana ndi wina wolowera ku Likhubula ndi ku Phalombe. Pali minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, akabaza oitanira anthu, amayi ogulitsa nanazi ndi nthochi, ndipo ukakweza maso umaona thanthwe la Chambe. Koma boti palibe. Ambirife tinakula nyanja tikuidziwira pa usipa wouma wa pamsika basi.

N'chifukwa chake ife a kuphiri tikakwera boti timayang'ana mafunde, timayang'ana mitambo, ena timapemphera chamumtima, ndipo injini ikangolira timati zatheka. Anthu a kunyanja sakhutira ndi kulira kwa injini. Iwo amadikira kaye kuona madzi akutuluka. Ndinakaona chifukwa chake pa ulendo umene ndinayenda ndi amalume anga m'mwezi wa June.

Phunziro loyamba lili pachigayo

Amalume anagwira ntchito zaka zambiri pa maboti a asodzi ku Mangochi. Atabwerera kumudzi anayamba kukonza injini za zigayo ndi mapampu a ulimi wothirira. Mnzawo wakale atawaimbira foni kuti akamuthandize kuona injini ya boti imene anali atangoikonza, ine ndinati ndiwaperekeze.

"Ukufuna ukaone chiyani kumeneko, mphwanga?" anandifunsa.

"Ndikufuna ndikaone mmene injini ya boti imagwirira ntchito, amalume."

"Ndiye tiyambire pafupi pompano."

Ananditengera ku chigayo china cha dizilo cha kumudzi komwe magetsi sanafike. Pambali pa injini panali mgolo wa madzi ndi mapaipi awiri, ina pamwamba ina pansi. Anandiuza kuti ndikhudze. Ya pamwamba inali yotentha, ya pansi yofunda pang'ono chabe. Madzi akatenthedwa m'kati mwa injini amapepuka n'kukwera kupita mumgolo, ozizirirapo n'kutsika kubwerera mu injini. Amangozungulira choncho tsiku lonse, mwini chigayo n'kumawonjezera akachepa.

Nkhani yake ndi moto. M'kati mwa injini dizilo amapsa kambirimbiri pa mphindi imodzi, koma mphamvu yake si yonse imene imagwira ntchito. Amakaniko amawerengera mwachidule kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limazunguza makina, lina limatuluka ndi utsi, lotsalalo limasanduka kutentha kokhala m'zitsulo. Kutentha kumeneku kukapanda kuchotsedwa, oyilo amasungunuka ngati madzi, gasiketi imapsa, mapisitoni amafufuma n'kugwirana ndi silinda, injini n'kuima.

Galimoto ili ndi ledieta, fani ndi mphepo ya pamsewu. Chigayo chili ndi mgolo. Injini ya m'kati mwa boti imakhala pansi, yophimbidwa ndi matabwa, pamalo pomwe mphepo siifika.

"Koma ili ndi mgolo waukulu kuposa yonse," anatero amalume. "Nyanja yonse ndi yake. Vuto n'lakuti madziwo sabwera okha ngati a kwathu kuno. Amachita kukokedwa."

Kudzera ku Phalombe

Tinanyamuka pa Chitakale chiperoni chikuwaza, aliyense ali mu juzi. Tinadzera msewu wa Phalombe ndi Jali kukatulukira ku Zomba, kenako n'kutsika ku Liwonde komwe majuzi tinavula. Powoloka Shire pa baraji, amalume anandiloza zomera za namasupuni zikuyandama. Pamalo amenewa pali chotchinga chogwira namasupuni ndi udzu kuti zisakatseke polowera madzi ku makina opangira magetsi ku Nkula.

"Zikumbukire zimenezi," anatero. "Matenda a ku Nkula ndi a boti ndi amodzimodzi. Pakhomo polowera madzi pakatsekeka, zonse zimaima."

Tinafika ku Mangochi madzulo, n'kupitirira ndi msewu wa ku Monkey Bay mpaka doko lina la asodzi cha ku Namiasi. Mbali imeneyi ya nyanja kuli maboti a matabwa okhala ndi injini m'kati, amene amayenda awiriawiri akukoka khoka limodzi. Ndi osiyana ndi maboti ambiri amene mumawaona m'magombe, omwe injini yake amaipachika kumbuyo n'kuichotsa akaweruka.

Mbandakucha pa doko

Tinakwera boti kusanache bwino. Mnzawo wa amalume uja, bambo wachikulire wa mawu ochepa, anatsegula matabwa ophimba injini n'kuunikira ndi tochi. Makiyi sanawakhudze n'komwe. Anayamba waona oyilo, kenako anatsegula chivindikiro cha kathanki ka pamwamba pa injini kuti aone madzi, n'kukanikiza lamba ndi chala kuti amve ngati ali wolimba. Atatero anagwada n'kupisa dzanja pansi penipeni pa boti.

"Bwerani muone, achimwene anu akuti mwabwera kudzaphunzira," anandiitana, akuseka ndi amalume.

Pansi pa boti pali bowo. Inde, bowo lochita kuboola dala, lotsika kuposa pomwe madzi a nyanja amalekezera. Pabowo pamenepa anamangapo valavu yokhala ndi chogwirira. Chogwiriracho chikalunjika motsata paipi ndiye kuti njira ndi yotsegula, chikapingasa ndiye kuti ndi yotseka. Ambiri amatseka akaweruka, poopa kuti paipi ikang'ambika usiku boti lingadzaze madzi n'kumira pa doko pomwepo. Ndiye m'mawa munthu akaiwala kutsegula, injini imalira bwinobwino koma ilibe chakumwa.

Anatsegula valavu, n'kupotokola makiyi. Injini inatsokomola kawiri n'kuyamba kulira. Palibe amene anaombera m'manja. Mnyamata mmodzi anali atapita kale kumbuyo kwa boti, atawerama, maso ali pa paipi ya ekizozi. Patapita masekondi angapo, paipiyo inayamba kulavula madzi pamodzi ndi utsi, phwa! phwa! phwa!

M'masekondi amenewo madzi anali atayenda ulendo wonse, ndipo bambo aja anandionetsa njirayo ndi chala, paipi ndi paipi.

Akalowa pa valavu, madzi a nyanja amafikira mu sefa, kambiya kokhala ndi kadengu ka timabowo m'kati. Apa ndi pomwe pamatsalira udzu, tizigoba ta nkhono, mamba a nsomba ndi zinyalala zina.

Akachoka mu sefa amalowa mu pampu imene imazunguzidwa ndi injini yomweyo. M'kati mwa pampuyi muli kagudumu ka labala kokhala ndi timapiko, komwe amakaniko amati impeller. Kakamazungulira, timapikoto timapindika mbali imodzi n'kuwongoka mbali inayo, ndipo potero timayamwa madzi uku n'kuwakankhira uko. Kanthu kake n'kakang'ono moti kamakwana m'dzanja, koma ndi kamene kamakoka nyanja kuilowetsa mu boti. Chofooka chake n'chakuti madzi omwe kakupopawo ndi amene amakafewetsa ndi kukaziziritsa. Kakazungulira pouma, m'kanthawi kochepa labala amatentha, timapiko n'kuyamba kuthothoka.

Madzi awiri osakumana

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Pa injini ngati iyi, madzi a nyanja salowa m'thupi la injini. Muli madzi a mitundu iwiri, ndipo sasakanikirana.

Oyamba ndi a m'kati, aja anawaona m'kathanki asanalize injini. Amenewa amakhala osakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ngati a mu ledieta ya galimoto. Ali ndi pampu yawoyawo yoyendera lamba, ndipo amazungulira m'tinjira tozungulira masilinda ndi mutu wa injini, kutola kutentha konse.

Achiwiri ndi a nyanja aja. Akachoka mu pampu amalowa m'chitsulo chooneka ngati botolo logona chammbali, chotchedwa heat exchanger. M'kati mwake muli timapaipi tambiri tating'onoting'ono. Madzi a nyanja amadutsa m'kati mwa timapaipito, pomwe madzi otentha a injini amadutsa kunja kwake. Kutentha kumawoloka chitsulo kuchoka kwa awa kupita kwa awo. Amalume anati zili ngati mayi woziziritsa phala la mwana poviika kapu m'beseni la madzi. Phala limazizira koma silithira madzi. Pa injini zambiri madzi a nyanja omwewa amadutsanso poziziritsa oyilo wa giyabokosi.

Nanga injini ikangolira kumene, ikadali yozizira? Pamenepa pali mlonda wotchedwa thermostat. Injini yozizira kwambiri siitentha bwino dizilo, imafuka utsi ndipo imatha msanga. Choncho poyamba thermostat imakhala yotseka, madzi a m'kati n'kumangozungulira mu injini momwemo kuti atenthe msanga. Akafika cha m'madigiri 70 kapena 80, malinga ndi mtundu wa injini, imatseguka pang'onopang'ono n'kuwalola kupita ku heat exchanger. Tinakhala tikuyang'ana muvi wa geji ukukwera, kenako unaima malo amodzi osasunthanso.

"Mwaona? Mlonda watsegula," anatero bambo aja.

Koma madzi a nyanja sadikira mlonda ameneyu. Iwo amayamba kuyenda injini ikangozungulira, chifukwa ali ndi ntchito ina kutsogolo. Akatuluka mu heat exchanger amakathiridwa mu paipi ya ekizozi pa chigongono china chake, n'kusakanikirana ndi utsi. Utsi wa dizilo umatuluka wotentha madigiri mazanamazana, ndipo paipi yopita kumbuyo kwa boti nthawi zambiri ndi ya labala. Popanda madzi ingapse, ndipo boti la matabwa silicheza ndi moto. Madziwo amaziziritsa utsi, amachepetsa phokoso, kenako zonse zimatulukira limodzi kubwerera m'nyanja.

Ndiye mukaona madzi akulavulidwa kumbuyo, dziwani kuti valavu ndi yotsegula, sefa ikudutsa madzi, impeller ili moyo ndipo timapaipi sitinatsekeke. Kuyang'ana kumodzi kukuyankha mafunso anayi.

Pali injini zina, makamaka zing'onozing'ono ndi zakale, zimene zimalowetsa madzi a nyanja m'thupi la injini mwachindunji. Kunyanja za mchere, ngati ku Beira, zoterezi zimadyeka msanga. Kwathu kuno tili ndi mwayi poti nyanja ya Malawi ilibe mchere, ngakhale mchenga ndi matope zimaunjikanabe m'tinjira ta madzi. Nazonso injini zopachika kumbuyo zija zili ndi impeller yake, ndipo zimatulutsa kamtsinje ka madzi kowonda ngati ulusi. Amalume amati injini ikapanda kukodza ndiye kuti ikudwala.

Kajumbo kamodzi

Tisanamasule chingwe, mnyamata wa kumbuyo uja anakweza dzanja.

"Madala, achepa!"

Kwa ine zonse zinkaoneka bwino. Injini inkalira, geji inali pamalo pake. Koma madzi otuluka anali atachepa, kulira kwa ekizozi kunali kutayamba kuuma ngati ng'oma yobooka, ndipo pankatuluka kanthunzi koyera kozimirira msanga. Bambo aja anazimitsa injini nthawi yomweyo.

Anyamata ena anayamba kung'ung'udza. Boti linzawo lokoka nalo khoka linali likudikira, ndipo kuchedwa kwa m'mawa ndi ndalama. Iwo sanayankhe. Anatseka valavu, anatsegula sefa, n'kusolola chidutswa cha jumbo chakuda chimene chinali chitamatirira pa kadengu. Anatsuka kadenguko, anabwezera chivindikiro n'kuonetsetsa kuti labala wake wakhala bwino, chifukwa pakatsala kampata pampu imayamwa mpweya m'malo mwa madzi. Anatsegula valavu n'kulizanso. Madzi anabwerera mwamphamvu.

Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana khumi.

"Geji bwanji sinatiuze, abambo?" ndinafunsa.

"Geji imanena mochedwa. Imayeza madzi a m'kati, ndiye imadikira atenthe kaye. Ikamadzakwera, labala wa pampu amakhala atapita kale."

Anatulutsa kachitini momwe amasungamo impeller yatsopano, gasiketi yake, lamba ndi masipanala awiri. Anati boti lawo silinyamuka popanda kachitini kameneka. Anandionetsanso impeller yakale yosowa timapiko tiwiri. Timapiko tikathothoka sitisowa, timakakhala pakhomo pa timapaipi ta heat exchanger, ndipo ukapanda kutifunafuna n'kutichotsa, injini imatenthabe ngakhale uike impeller yatsopano.

Amalume anawonjezera chenjezo lina. Injini ikamakana kulira, munthu asamangopotokola makiyi kosalekeza valavu ili yotsegula. Pampu imakhala ikuthirabe madzi mu ekizozi koma palibe utsi wowakankhira kunja, ndiye akadzaza amatha kubwerera m'masilinda. Ndipo injini ikatentha, osatsegula chivindikiro cha kathanki mpaka izizire. Madzi ake amathovoka n'kuwaula nkhope, monga zimachitikira pa minibasi zathu zija pokwera phiri.

Ndinayang'ana kajumbo kaja kali pa thabwa. Ndi mtundu womwe uja timalandiriramo chipisi ndi tomato, n'kuutaya m'ngalande osaganizako kawiri. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kukhala m'makhoti zaka zambiri, koma m'magombe akadali mbwee.

Chifukwa chake sachita masewera

Titatuluka pa doko dzuwa linali litatuluka, chilumba cha Boadzulu chikuoneka patsogolo. Cha m'ma 9 koloko mphepo inayamba kulimba kuchokera kummwera. Umenewu ndi mwera, umene umavuta panyanja m'miyezi yozizira. Mphepo ya kummwera chakummawa imene imabweretsa chiperoni ku Mulanje ndi yomweyo imene kuno imautsa mafunde. Kwathu imangotiveka majuzi, kuno imasiya ana amasiye.

Boti limapirira mafunde likamawalasa ndi mphuno, ndipo kuti litero pamafunika injini. Injini ikazima, chiwongolero chimakhala chopanda ntchito, boti limatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde, madzi n'kuyamba kulowa. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Akuluakulu amakumbukirabe sitima ya Viphya imene inamira ndi namondwe mu July 1946, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano. Nanga boti la matabwa lopanda injini lingalimbe bwanji?

Apa ndinamvetsa chifukwa chake bambo aja analolera kunyozedwa ndi anyamata awo pa doko. Kajumbo komweko kakanapezeka pakati pa nyanja, impeller itapsa kale, akanakonza atagwada m'madzi boti likuvinitsidwa, anthu onse aja miyoyo ili m'manja.

Ku Monkey Bay

Tsiku lotsatira tinapitirira ku Monkey Bay, ndipo tinachita mwayi kupeza Ilala ili pa doko. Sitima imeneyi inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Mpaka lero anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi madoko a kumpoto amaidalira pa maulendo ndi katundu. Dzina lake inatengera Ilala yoyamba, sitima ya nthunzi imene amishoni a ku Scotland anafika nayo panyanjayi mu 1875.

Amalume anandifotokozera kuti pa sitima zikuluzikulu utsi ndi madzi sizitulukira pamodzi. Utsi umakwera chumuni, pomwe madzi oziziritsa amatulukira pa mabowo a m'mbali mwa sitima. Mukadzaona madzi akuthothoka m'nthiti mwa sitima imene ikukonzeka kunyamuka, musadzaganize kuti yabooka. Nthawi zambiri amakhala madzi amene amaliza ntchito yawo ndipo akubwerera kwawo. Njira yake ndi yomwe ija ya polowera, sefa, pampu, heat exchanger ndi potulukira, kungoti zonse ndi zazikulu, ndipo mapampu amakhala angapo kuti ina ikafooka inzake ipitirize.

Ntchito imeneyi ili ndi sukulu zake. Ku Monkey Bay kuli koleji yophunzitsa oyendetsa sitima ndi mainjiniya ake, ndipo ku Mpwepwe ku Mangochi kuli koleji ya za usodzi. Achinyamata a kuphiri amene mumakonda masipanala, nyanja si ya anthu a ku Mangochi okha. Amalume anga anachokera pa Chitakale pomwepa osadziwa n'kusambira komwe.

Mukadzakwera boti

Ambirife sitidzakhala ndi boti. Koma tidzakwera, kaya popita ku Likoma, kaya ku Cape Maclear ndi anzathu a kuntchito, kaya ku Liwonde kukaona mvuu. Pali zinthu zochepa zimene wokwera aliyense angachite popanda kukhala makaniko.

Injini ikalira, ponyani maso kumbuyo kapena m'mbali muone ngati madzi akutuluka. Mukamva fungo la labala wopsa, kapena kuona nthunzi yambiri madzi ali ochepa, uzani woyendetsa mwaulemu, paja safunsa anadya phula. Akazimitsa injini kuti aone sefa, musamukalipire kuti akukuchedwetsani. Funsani jekete yoyandamitsa ndipo muivale musananyamuke. Jumbo ya chipisi ndi botolo la madzi mubwerere nazo kumtunda m'chikwama.

Pobwerera, tikuwolokanso Shire pa Liwonde, amalume anandikumbutsa kuti madzi onse otuluka m'nyanja ya Malawi amadutsa pamenepo, kuphatikizapo aja analavulidwa ndi boti lathu. Akatsika mpaka ku Chiromo amakakumana ndi Ruo, mtsinje umene umanyamula madzi a mbali yathu ya phiri la Mulanje. Choncho chimene tataya mu Likhubula sichifika ku Mangochi, koma chimakapeza boti la munthu wina kumunsi kwa Shire, lomwe nalonso lili ndi sefa yake ndi anthu ofuna kukafika kwawo.

Tinafika pa Chitakale usiku, chiperoni chikuwazabe. M'mawa mwake amalume anali kale pa njinga ndi chikwama chawo cha masipanala. Mwini chigayo wina anali ataimba foni kuti injini yake ikuwiritsa madzi, ndipo amayi akudikira ndi matumba a chimanga.